Nambala ya pa Foni ya Chitayala

Makompyuta a pasukulupo anali nkhalamba zoiwalaiwala. Ukawazimitsa madzulo, m'mawa ankadzuka osadziwa kanthu, ngakhale dzina la mwana amene anakhalapo dzulo lake. Si kuti anabadwa otero ayi. Anawapanga dala katswiri wina amene anabwera kudzachotsa mavairasi, n'kutsekeratu timabowo tonse tolowetsa fulashi, kenako n'kupita osadzaonekanso. Choncho Madamu, mphunzitsi wa makompyuta, ankaphunzitsa ana kulemba mapulogalamu ngati munthu wotunga madzi m'dengu. Mwana alembe lero, mawa ayambirenso pomwe paja.

Ndiye Madamu anapeza njira. Kunali kampani ina yakutali imene inkabwereketsa makompyuta ake akuluakulu kwa aphunzitsi kudzera pa intaneti, zimene anthu a ntchitoyi amati kusunga zinthu mumtambo. Mphunzitsi ankatsegula kalasi kumeneko, n'kupatsa mwana aliyense kachipinda kake, momwe munali zonse zolembera ndi zoyesera pulogalamu. Nkhalamba za pasukulu zija zinkangotsala ndi ntchito yokhala zenera loonera. Ziiwale mmene zingathere, ntchito ya ana inkagona kwina.

Vuto linali limodzi, ndipo silinali la makina. Potsegula kalasiyo, kampani inkafuna nambala ya foni ya mphunzitsi, ndipo sabata imeneyo Madamu analibe foni. Mwamuna wawo, wogulitsa matayala amene aliyense ankamutcha Chitayala, anali ataimenyetsa kukhoma chifukwa mphunzitsi wa masamu anatumiza uthenga wopempha kuti asinthane maola ophunzitsa. Mlandu wake unali womwewo basi. M'mawa mwake, monga mwa chizolowezi chake akalakwa, Chitayala anadzuka ali munthu wabwino kwambiri.

"Gwiritsa ntchito yangayi," anatero, akuika foni yake pafupi ndi kapu ya tiyi. "Changa n'chako. Ukudandaula chiyani?"

Teremu inali pakhomo. Madamu, maso ali otupa ndi kulira, analemba nambala ya mwamunayo pamene kampani inafunsa, akudziuza kuti adzasintha akadzagula foni ina. Anthu anzeru nawonso amalakwa, makamaka akakhala otopa.

Ntchito yokonza kalasiyo Madamu anaigwira ndi mtima wonse. Anayamba ndi kachipinda kamodzi kachitsanzo. Anaikamo chinenero cholembera mapulogalamu, anaikamo phunziro loyamba, anayesa, zinakana, anakonza, anayesanso mpaka zinamvera. Kenako anakopera kachipindako kuti kakwanire ana onse, kalikonse ndi dzina la mwini wake. Ana awiri anali ndi mayina ofanana, wina dzina lake kompyuta inkalikana chifukwa cha kachizindikiro kena, koma zonsezo anazigonjetsa. Tsiku loyamba ana analemba timizere tawo, belu linalira, makompyuta anazimitsidwa. M'mawa mwake atalowanso n'kupeza timizere tija tili pomwe anatisiya, m'kalasi munabuka phokoso ngati gulu lawo lagoletsa chigoli.

"Mwaona?" anatero Madamu, mtima uli m'malo. "Zimene zili mumtambo sizitayika. Kaya magetsi athime, kaya sukulu ino igwe, ntchito yanu ilipo."

Mapulogalamu amenewo ndi amene akanadzachongedwa kumapeto kwa teremu monga gawo la mayeso, ndiye ana sankachita masewera. Koma panali mtsikana mmodzi, wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula, amene anzake ankamutcha Kanyerere chifukwa cha khama lake. Mayi ake anali telala. Iye anaganiza zolemba pulogalamu yosunga miyeso ya makasitomala ndi kuwerengera nsalu yokwanira diresi kapena siketi, kuti mayi akewo asiye kulemba miyeso pa zidutswa za makatoni zimene zinkasowa tsiku ndi tsiku. Anzake akamathamangira panja nthawi yopuma, iye ankatsala, mphuno ili pafupi ndi sikirini.

Tsopano nayi nkhani ya nambala. Tizipinda ta ana tinkatseguka pokhapokha mphunzitsi atalowa kaye. Ndipo popeza makompyuta a pasukulu ankaiwala chilichonse, m'mawa uliwonse kampani inkawaona Madamu ngati mlendo. Akalemba mawu awo achinsinsi, inkatumiza timanambala tingapo ku foni ija kuti atsimikize kuti ndi iwodi, ndipo timanambalato tinkafa pakangopita mphindi zochepa. Masiku oyamba zinalibe vuto. Madamu ankabwereka foni ya mnzawo, n'kuimbira kusitolo ya matayala, Chitayala n'kuwerenga. Ankakondwera nazo zedi. Ankauza makasitomala ake kuti sukulu yonse siyamba iye asanalole.

Kenako linafika tsiku limene Madamu anachedwa kumsonkhano wa aphunzitsi. M'mawa mwake Chitayala anawakhomera m'nyumba, makiyi n'kuika m'thumba, ulendo kusitolo. Madamu anakhala m'nyumbamo tsiku lathunthu, atavala kale zopita kuntchito, akumva ana a eni ake akudutsa pamsewu. Sanalire. Sanakuwe. Mwamunayo anabwera madzulo ndi kajumbo ka zipatso ndi nkhope ya munthu wabwino ija. Kutacha Madamu anapita kusukulu ndi chikwama cholemera kuposa masiku onse, ndipo poweruka anakwera basi yopita kwa mkulu wawo.

"Walandiridwa," anatero mkulu wawoyo, atangoona chikwamacho. "Ndinkadabwa kuti uchedweranji. Gona pa sofapo, ndipo kafoni kanga kakale kali m'dirowamo, katenge."

Madamu anagona tulo tabwino koyamba m'miyezi yambiri. Za nambala anazikumbukira ali kale m'kalasi, ana atakhala phee akudikira, sikirini ikufunsa timanambala timene tinali titapita kufoni ya munthu amene anamuthawa.

Anatuluka panja, anaima kuseri kwa chitseko, anaimba.

"Aa, mkazi wanga!" anatero Chitayala, mawu ali okoma ngati shuga. "Ndimadziwa kuti undifuna. Nambala yako yatsopano ndi imeneyi eti? Ndaisunga."

"Ndikupempha nambala imene yabwera pafoni yanu."

"Osandifunsa n'komwe kuti ndadzuka bwanji? Ndagona ndi njala ine."

"Ana akudikira."

"Adikire. Inenso ndikudikira."

Anawerenga, inde, koma mmene anawerengera! Nambala imodzi, kenako chifuwa. Ina, kenako kulankhula ndi kasitomala za tayala lakumbuyo. Pofika yomaliza zonse zinali zitafa kale, ndipo Madamu anayenera kupempha zina, n'kuimbanso, n'kumvanso za njala ija. Theka la phunziro linathera kuseri kwa chitseko.

Masana omwewo Madamu anafufuza posinthira nambala ya foni. Anapapeza, analemba nambala ya kafoni ka mkulu wawo. Koma kampaniyo, pofuna kuwateteza kwa akuba, inatumiza uthenga ku foni yakale kuti mwini wake avomereze kusinthako. Posakhalitsa kafoni kanalira.

"Wandiyesa mbuli eti?" Chitayala ankaseka chikhakhali. "Uthenga wa lerowu ndi wina. Ukuti nambala yosinthira foni. Ndimawerenga ine, mayi. Zolowera zija ndizikupatsa, ndine munthu wachifundo, ndimaganizira ana a eni. Koma iyi ndiye ayi. Iyi ukaifuna, ubwere kunyumba."

Madamu analembera kampani ija kufotokoza. Yankho linabwera laulemu kwambiri, lowathokoza chifukwa cholemba, n'kuwauza kuti njira yosinthira ndi yomwe ija. Makina amene anapangidwa kuti wakuba asalowe anali atagwira mwini nyumba n'kumupereka kwa wakubayo, ndipo anachita zimenezi mwaulemu.

M'mawa uliwonse zinakhala choncho. Lero afunse amene wawaperekeza pa basi, mawa afunse chimene avala. Tsiku lina sanayankhe foni konse, ndipo Madamu ali mkati moganiza chochita, anangoona munthu uja balamanthu pakhomo la kalasi, atavala jekete la kutchalitchi, foni ili m'manja ngati mphatso. Pambali pake panali ahedi, akumwemwetera mpaka mano onse panja.

"Ana inu, imirirani mupereke moni," anatero ahedi. "Awa ndi bambo amene amatithandiza kuti kalasi ino iziyenda."

Ana anaimirira. Chitayala anawakweza dzanja ngati nduna, anayenda mothimbwidzika mpaka patebulo la Madamu, anawerama pafupi kwambiri moti fungo la mafuta ake linawakwera kumutu, n'kuwerenga nambala mokweza kuti aliyense amve. Ana ena anaomba m'manja. Madamu analemba timanambalato ali ndi ukali umene unalibe kolowera.

Phunziro litatha anapita ku ofesi ya ahedi.

"Bwana, munthu uja musadzamulolenso kulowa m'kalasi mwanga. Ine ndinachoka kunyumba kwake, ndipo ndinachoka pa zifukwa."

Ahedi anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso. Anali munthu wokonda mtendere, makamaka mtendere umene wolipira wake ndi wina.

"Madamu, nkhani za m'banja sitibweretsa kusukulu."

"Sindine ndazibweretsa. Mwalowa nazo ndinu, mwazigwira padzanja."

"Alamu athu aja ndi munthu wofatsa. Andifotokozera zonse, mpaka misozi kulengeza. Inuyo mungofewetsa mtima pang'ono. Taganizirani ana. Mayeso ali pafupi, ntchito yawo yonse ili m'manja mwa bamboyo. Kodi kungopita kukacheza nawo madzulo amodzi kungakupheni?"

Madamu anayang'ana pazenera. Galimoto ya ahedi, imene kwa zaka inkayenda pa matayala osalala ngati mutu wa dazi, inali itavala matayala atsopano akuda bii. Anameza mawu amene anafika pakhosi, chifukwa akanawalavula ntchito ikanathera pomwepo. Anangotsonya chamumtima n'kutuluka.

Usiku umenewo sanagone bwino, koma kunacha ali ndi nzeru. Kompyuta ya patebulo lawo inali ndi kabokosi ka batire kamene kankaigwira magetsi akathima. Ngati kompyutayo ikanakhala yosazimitsidwa, sikanaiwala, ndipo kampani sikanafunsanso nambala. M'mawa umenewo Madamu anaimbira Chitayala, anapirira mafunso ake onse, anayankha ngakhale la chimene adya, analandira nambala, analowa. Kenako anatenga pepala lalikulu, analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti OSAZIMITSA, n'kulimata pamwamba pa soketi.

Tsiku lomwelo anapempha kampani kuti iwatsegulire kalasi yatsopano pa nambala yawoyawo. Kampani inayankha kuti iyenera kutsimikiza kaye kuti iwo ndi mphunzitsidi, ndipo zimenezo zitenga masiku. Chabwino, Madamu anali okonzeka kudikira. Kalasi yatsopano ikangotseguka, akanasamutsa ntchito ya ana kuchoka m'tizipinda takale, mmodzimmodzi, Chitayala n'kutsala ndi foni yake yopanda ntchito.

Komabe mtima sunakhazikike, ndiye anauza ana kuti aliyense akopere pulogalamu yake m'kope ndi cholembera. Chifukwa chake sanachinene. Akanayamba bwanji kuuza ana a eni kuti ntchito yawo yagwidwa chikole pa nkhani ya kuchipinda? Ana anang'ung'udza, koma ambiri anakopera, poti mapulogalamu awo anali aafupi, okwana tsamba limodzi kapena awiri. Wa Kanyerere unali utakula kwambiri, wautali kuposa a anzake onse kuwaphatikiza.

"Madamu, ndikayamba kukopera ndiye kuti sindimaliza gawo la nsalu," anatero mtsikanayo, maso ali pa sikirini. "Komanso munanena nokha kuti za mumtambo sizitayika."

Manyazi anawagwira lilime Madamu. Anamusiya, akudziuza kuti kwatsala pang'ono.

Masiku amenewo anali okoma. Kafoni kankalira m'chikwama, iwo osakayang'ana. Ankalowa m'kalasi, kupeza kompyuta ija ikung'ung'uza pakona mokhulupirika, ana n'kuyamba ntchito belu lisanathe n'kulira komwe. Ana nawonso anailondera ngati khanda. Woyeretsa m'makalasi akafika pafupi ndi soketi ndi tsache lake, onse ankakuwa pamodzi. Madamu mpaka anayamba kuimba pokwera basi.

Lolemba m'mawa anapeza chipinda chili zii. Kompyuta inali yozizira, kabokosi ka batire katazulidwa, pepala lija litapindidwa bwinobwino n'kuikidwa patebulo, cholembera chili pamwamba kuti lisauluke. Wakuba sapinda pepala motero. Madamu sanafunse munthu. Analunjika ku ofesi, ndipo ulendo uno sanagogode.

"Mwazimitsa ndinu?"

"Khalani pansi, Madamu."

"Ndafunsa kuti mwazimitsa ndinu?"

"Lamulo la sukulu limati zamagetsi zonse zizimitsidwe kumapeto kwa sabata. Moto utabuka, woyankha ndine."

"Firiji ya mu ofesi muno mwaizimitsapo liti? Iyo si yamagetsi?"

Ahedi anayang'ana firiji ija ngati akuiona koyamba. Kenako anatsitsa mawu, anaika nkhope ya bambo wolangiza mwana.

"Alamu anandidandaulira kuti mwasiya kuwaimbira. Munthu akuwonda. Ine ndaona kuti kamakina aka kakulowerera pakati pa anthu awiri amene akanagwirizana kalekale. Nthawi zina munthu umathandiza anzako iwo asakufuna."

"Mwandithandiza?" Mawu a Madamu anakwera mpaka mlembi wa mu ofesi yoyandikana anasiya kutaipa. "Munthu anandikhomera m'nyumba ngati mbuzi, inu mukuti mwandithandiza? Mwatenga ntchito ya ana anu omwe, ana amene makolo awo anakusungitsani, n'kukampatsa kuti andikokere nayo ngati chingwe. Manyazi mulibe, bwana? Matayala anayi okha?"

"Madamu, samalani pakamwa!"

"Ndasamala pakamwa zaka zonsezi, n'chifukwa chake ndafika pano."

Anatuluka chitseko chili chotsegula. Pakhonde anaima, anapuma, ndipo chifukwa cha ana aja anachita chimene analumbira kuti sadzachitanso. Anayatsa kompyuta, anapempha nambala, anaimba.

"Wandikumbuka?" anatero Chitayala. Shuga uja munalibenso m'mawu ake. "Unkaona ngati ndiwe wochenjera. Tsopano tamvera. Za pafoni zatha. Nambala iliyonse, yolowera kaya yosinthira, uzidzaitengera kuno kunyumba, ndipo ubwere ndi chikwama chako chija. Ukapanda kutero, uwauze anawo kuti mayeso alephera chifukwa aphunzitsi awo ndi ouma mutu."

Foni inaduka.

Nkhani siichedwa pasukulu. Pofika nthawi yopuma, m'chipinda cha aphunzitsi aliyense anali atasanduka phungu. Wa mbiri yakale anati banja ndi kupirira. Wa sayansi anati apite, anamizire kuti abwerera, atenge nambala, m'mawa athawenso, ngati kuti chitseko cha nyumba ija chinalibe loko. Mayi wina wachikulire, amene Madamu ankamulemekeza kwambiri, anawagwira paphewa n'kunena kuti tonsefe timadutsa momwemo, mwana wanga, chachikulu ndi ana. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti tiyeni tonse tipite kusitolo ya matayala tikamuuze munthuyo kuti zimene akuchitazi ndi zauchinyama. Mphunzitsi wa masamu uja, amene uthenga wake unaswetsa foni, anangoweramira m'kapu yake ya tiyi.

Madzulo mkulu wawo anamvetsera zonse akusita zovala. Atamva za chikwama, anaimika simbi.

"Ukapita kumeneko, ine ndidzabwera kudzakuzula ndi manja angawa. Ana amenewo ali ndi amayi awo owalirira. Iwe uli ndi ine ndekha."

"Asisi, pali kamtsikana kena. Kagwira ntchito teremu yonse, ndipo sikanakopere. Ndinakasiya ndine, chifukwa cha manyazi anga."

"Ndiye kalakwiridwa, inde. Ukapepese. Koma usakalipire ndi thupi lako."

Kalasi yatsopano inatseguka pakati pa sabata, itachedwa ngati thandizo lonse la m'dziko lino. Madamu anaikonza kuyambira pachiyambi: kachipinda kachitsanzo, chinenero, mayina, ana awiri ofanana mayina aja, dzina lokanidwa lija. Atapempha nambala, kafoni kanalira m'dzanja lawo lomwe. Kanthu kakang'ono chotero, koma maso anadzaza misozi. Kenako ana analowa m'tizipinda tawo tatsopano n'kupeza muli mbee, mopanda ngakhale mzere umodzi.

"Tsegulani makope anu," anatero Madamu ataima kutsogolo. "Kalasi yakale yatsekeka, ndipo ine sindingathe kuitsegula. Tilembanso. Amene munakopera, taipani zimene zili m'kope. Ndikhala nanu nthawi yopuma ndi poweruka mpaka aliyense amalize."

Kunamveka kung'ung'udza, mipando kukwekwesa, wina kutsonya kumbuyo. Koma makope anatseguka, ndipo pang'onopang'ono makiyibodi anayamba kulira. Kanyerere yekha anakhala manja ali pamiyendo. Patsogolo pake panalibe kope. Kenako anaimirira, mtsikana amene chaka chonse sanaimirirepo m'kalasi popanda kuitanidwa.

"Madamu, ntchito yathu yafufutika?"

"Ayi. Ikadalipo."

"Ndiye ili kwa bambo aja anabwera ndi foni aja?"

"Kiyi wake ndi amene ali kwa iwo."

"Anthu akuti mukangopita kunyumba kwanu akupatsani. Bwanji osangopita tsiku limodzi lokha? Mayi anga ndinawauza kale kuti yatsala pang'ono. Anataya makatoni ena. Tsiku limodzi lokha, Madamu!"

Makiyibodi onse anasiya kulira. Madamu anamva mawuwo akuwalasa pamalo pamene ahedi, aphunzitsi anzawo ndi Chitayala yemwe sanafikepo. Enawo ankalankhula zaulesi, zadyera, zamantha. Uyu ankalankhula zoona, ndipo anali ndi ufulu wonse wokwiya. Ukali umene unawira m'chifuwa mwa Madamu sunali wa pa mwanayo. Unali wa pa anthu akuluakulu onse amene anakankhira nkhaniyi mpaka kufika pakamwa pa mwana.

Anayenda mpaka pa desiki yake, ndipo analankhula mosabisa, kalasi yonse ikumva.

"Bambo uja ndi mwamuna wanga. Ndinachoka kwake chifukwa amandiswera zinthu ndi kundikhomera m'nyumba. Ndikalowanso m'nyumba ija, palibe tsiku limodzi. Sindidzatulukamo. Ndinayenera kukuuza zimenezi tsiku lija unakana kukopera, ndipo ukanakopera. Ndinachita manyazi, iwe n'kutaya ntchito yako. Pamenepo ndakulakwira, ndipo ndikupepesa. Pulogalamu yako inali yabwino kuposa zonse zimene ndaonapo pasukulu pano. Koma sindipita."

Misozi inatsika pa masaya a Kanyerere, iye osaipukuta.

"Ndiye ine ndivutike chifukwa cha banja lanu?"

"Inde. Si chilungamo, koma ndi mmene zilili."

"Sindidzakukhululukirani."

"Chabwino. Usandikhululukire. Koma khala pansi ulembe, ndipo ine ndikhala pomwe pano."

Mtsikanayo anakhala pansi mwamphamvu. Madamu anakoka mpando wopanda munthu n'kukhala pambali pake, ndipo Kanyerere anasuntha wake kuti pakhale mpata pakati pawo, nkhope atatembenuzira kukhoma. Patebulo kutsogolo kafoni kanayamba kulira, kanalira mpaka kutopa, kanayambiranso. Palibe anadzuka kukakayankha. Kanyerere anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi, anakoka kiyibodi, n'kuyamba kumenya mabatani mwaukali ngati akufuna kuwathyola. Mzere woyamba unali ndi cholakwika. Madamu anachiona, analoza ndi chala, ndipo mtsikanayo anakonza osawayang'ana.